Mapichesi athu ndi botolo la vinyo

Mamembala anzanga, amayi ndi abambo, pamene kopaletivi yathu ikukwanitsa zaka 10, masamba ena a kabukuka akukumbutsani za kachewere, nyemba, feteleza ndi misika imene tayendamo limodzi. Tsamba lino latenga nkhani imene timangonong'onezana tikamatuluka mu msonkhano, nkhani ya zipatso zathu ndi vinyo. Chaka chilichonse mvula ikamayandikira, mapichesi ndi mapulamu amapsa nthawi imodzi kuyambira ku Bembeke mpaka ku Lizulu. Zotsatira zake mumazidziwa nokha. Mabeseni amandanda m'mbali mwa msewu wa M1, wogula amatchula mtengo ali m'galimoto injini ikulira, ndipo zotsala dzuwa likamalowa zimapita kwa nkhumba. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 okha, mu mzinda wa Lilongwe, zipatso za mtundu womwewo zili m'mabotolo pa shelefu, ndipo anthu amapita dala kukalawa n'kugula.

Ena mwa ife akuti titume anthu akaone, akalawe, akafunse. Ena akuti zimenezo n'zauchidakwa, kopaletivi isalowereko. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Koma tisanakweze manja kuvota, ndi bwino tidziwe kumene nkhaniyi yachokera. Kulawa chakumwa ndi kuchiyanjanitsa ndi chakudya ndi luso limene linalipo kale m'midzi mwathu, ndipo mbiri yake ingatithandize kusankha ndi mutu wozizira.

Kulawa kunayambira pa mbiya

Funsani agogo aliyense wa kwa Kachere, kwa Kaphuka kapena kwa Kamenyagwaza, akuuzani kuti mowa wa masese unali ndi mwini wake wodziwa ntchito. Mayi wofulula ankayamba ndi chimera: kuviika chimanga kapena mawere, kuzisiya zimere, kuziyanika, kenako kuzisinja. Akatero ankaphika phala, kulisiya lizizire, kuthira chimera, kuphikanso, n'kudikira masiku angapo mpaka mbiya itayamba kuwira yokha popanda moto. Tsiku lililonse ankatungako pang'ono n'kulawa. Lilime lake ndilo linali sikelo. Likamuuza kuti zikadali zozuna, ankadziwa kuti limenelo ndi thobwa, ngakhale ana angamwe. Likamuuza kuti zayamba kuluma, ankatumiza uthenga kuti mawa anthu abwere. Akachedwa tsiku limodzi kapena awiri mowa unkasasa, ndipo mbiri ya mayiyo inkasasira limodzi.

Pomwa panalinso mwambo wake. Mwini mowa ndiye ankayamba kumwa pa chipanda anthu onse akuona, kusonyeza kuti mulibe choipa. Akuluakulu ankatsatira, n'kunena maganizo awo mosabisa: uwu ndi wamadzi, uwu wapsa bwino, uwu chimera chinachepa. Mowa wa dima unkamwedwa makasu atagona, ntchito ya m'munda mwa mnzanu itatha. Pa ukwati, pa chinamwali ndi pa zikumbutso za amene anatisiya, mowa unkayenda limodzi ndi nsima ndi ndiwo. Angoni a kwa Kachindamoto ndi a kwa Gomani amadziwika mpaka lero kuti pamene pali chipanda payeneranso kukhala nyama yowotcha. Zimene a m'tauni akuchita ndi matambula ndi timbale tawo n'zomwezi, eti? Chasintha ndi chiwiya basi.

Musaiwalenso kuti luso limeneli linali m'manja mwa amayi. Ndalama itayamba kugwira ntchito m'midzi, mbiya yomweyo ndiyo inkalipira msonkho, fizi ya ana ndi sopo m'mabanja ambiri amene abambo anali ku Joni kapena ku Halale. Ngati tsiku lina kopaletivi yathu idzayambe kukonza zipatso, odziwa kale kusamala chimera, kutsuka mbiya ndi kuyang'anira kuwira ali pakati pathu pompano, atavala zitenje.

Mawu awiri ochokera kutsidya kwa malire

Liwu lakuti vinyo linachokera ku Chipwitikizi, ndipo lakuti kachasu n'chimodzimodzi. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, m'zaka za m'ma 1530, ndipo ankachita malonda ndi ufumu wa Maravi. Likulu la Kalonga linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, m'boma lathu lomwe lino. Katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ndiye kuti katundu wa kutali ankafika kuno kalekale, Azungu a ku Britain asanaponde dziko lino. M'njira zamalonda zoterezi ndimo munadutsanso mawu achilendo, pamodzi ndi luso lotcheza kachasu.

Malire amene Britain ndi Portugal anagwirizana mu 1891 anagawa anthu amodzi pawiri, ena ku Dedza ndi Ntcheu, ena ku Angónia. Mbali ya uko boma la Apwitikizi linkafuna msika wa vinyo wa kwawo, choncho vinyo wa mphesa wochokera ku Portugal ankagulitsidwa m'masitolo, m'mabotolo akuluakulu. Mbali ya kuno zinali zosiyana. Pangano la ku Brussels la 1890 linaika malire pa malonda a zakumwa zaukali m'madera ambiri a Africa, ndipo boma la atsamunda la Nyasaland linaletsa kutcheza kachasu komanso kugulitsa mowa wa Chizungu kwa anthu akuda. Kwa zaka zambiri, mwana wa m'dziko muno kupezeka ndi botolo lotere unali mlandu. Chiletsocho chinatha kalekale, koma manyazi ake anatsala. N'chifukwa chake mlimi amene saopa kulimbana ndi venda wa kachewere pa Bembeke amafika pakhomo pa sitolo ya vinyo n'kubwerera, poganiza kuti m'menemo ndi mwa mabwana okhaokha.

Guwa ndi munda wa mishoni

Amishoni anabwera ndi ziphunzitso ziwiri zosiyana pa nkhani ya chakumwa, ndipo zonse ziwiri zili nafe mpaka lero. A mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anatsegula Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, kenako Mlanda ndi Mphunzi. Iwo analetsa akhristu awo kufulula ndi kumwa mowa, ndipo wolakwira ankaimitsidwa mu mpingo. Thobwa ndilo linaloledwa. Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers anatsegula Mua mu 1902 ndi Bembeke mu 1910. Kwa iwo vinyo wa mphesa anali wofunika pa Misa iliyonse, motero ankamuitanitsa kuchokera kunja, ndipo chimene ankadzudzula ndi kuledzera. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, liwu lakuti vinyo linalowa m'nyumba iliyonse yowerenga, ngakhale ya anthu amene sanamuonepo ndi maso. Onjezanipo abale athu achisilamu, monga ambiri a kwa Tambala, amene chipembedzo chawo chimaletseratu chakumwa choledzeretsa. Mukaona mamembala akusiyana maganizo pa nkhaniyi, musadabwe ndipo musanyozane. Kusiyanako kuli ndi zaka zoposa 100.

Chimene mishoni zonse zinafanana ndi munda. Kuzungulira nyumba zawo ankabzala mitengo ya zipatso ndi ndiwo zamasamba za kwawo, ndipo mbewu zinkatuluka pa mpanda n'kulowa m'midzi kudzera mwa aphunzitsi, ophika ndi olima m'dimba. Pambuyo pake malo ofufuzira zaulimi, monga a Bvumbwe ku Thyolo ndi a Bembeke kwathu kuno, pamodzi ndi alangizi, anapitiriza ntchito yofalitsa mbewu za kumalo ozizira. Pichesi kwawo kwenikweni ndi ku China, kachewere ndi wa ku mapiri a Andes ku South America, gwafa ndi chimanga chomwe ndi za ku America. Zonsezi zinafika ngati alendo, lero timazitcha zathu.

Mapichesi ndi mapulamu anakonda kuno pa chifukwa chimodzi. Mitengo imeneyi imafuna nyengo yozizira kuti iyoyole masamba, ipume, kenako ichite maluwa bwino. Tauni ya Dedza ili pamwamba mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, phiri lake limafika mamita pafupifupi 2,200, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimene timadandaula nacho chija ndicho chuma cha mitengoyi. Mlimi wa ku Salima kapena ku Chikwawa sangachigule chisanu chimenechi, ngakhale atathira feteleza wochuluka bwanji.

Nanga mphesa bwanji sizinafalikire? Ku Cape, kumene amishoni a ku Nkhoma ankachokera, vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli dzuwa, kouma. Kuno mvula imagwa nthawi yotentha, chipatso chikukhwima, ndiye chuku ndi matenda a masamba zimavuta kwambiri. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene ndi kouma, mphesa zinachita bwino ndipo lero kuli makampani a vinyo. Ife tinapatsidwa zina: mapichesi, mapulamu, sitiroberi, mabulosi, magwafa, chidede, ndi masuku a m'nkhalango.

Zimene alimi a ku Cape anakumana nazo

Nkhani ya ku Cape ili ndi zinthu ziwiri zotikhudza ife a kopaletivi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, alimi a mphesa kumeneko ankakolola zochuluka kuposa zimene msika ukanagula. Mitengo inagwa, mpaka vinyo wina ankangotayidwa m'mitsinje. Mu 1918 anapanga kopaletivi yotchedwa KWV, likulu lake ku Paarl, kuti azigulitsa pamodzi ndi kusandutsa zotsala kukhala zakumwa zosungika. Vuto lawo linali lomweli la beseni lathu: zokolola zopsa nthawi imodzi, ogula ochepa. Mankhwala amene anapeza anali kugwirizana ndi kusunga.

Chachiwiri n'chowawa. M'minda yomweyo, antchito ankalandira mbali ina ya malipiro awo ngati vinyo, tsiku ndi tsiku. Mchitidwewu unaletsedwa m'zaka za m'ma 1960 koma unapitirira kwa nthawi yaitali, ndipo unasiya mabanja ambiri mu uchidakwa, ana ena kubadwa ndi mavuto a mu ubongo chifukwa amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Choncho amene amatichenjeza mu msonkhano aja sakunena zopanda pake ayi. Paja walira mvula walira matope.

Ufulu utabwera

Makopaletivi m'dziko muno anayamba kulembetsedwa pa lamulo la 1946. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ambiri mwa makopaletivi a alimi anatha, malonda a mbewu n'kupita m'manja mwa boma, ndipo mu 1971 kunabadwa ADMARC. Misika yake inkagula chimanga, mtedza, fodya, thonje ndi nyemba, zinthu zotha kusungika miyezi. Pichesi silingadikire sikelo ya boma, motero linatsala m'mbali mwa msewu. Pa nkhani ya zakumwa, fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, pamene vinyo wa m'masitolo anapitiriza kukhala wochokera kunja, makamaka ku South Africa.

Zinthu zinayamba kusintha ndale za zipani zambiri zitabwera. Lamulo latsopano la makopaletivi linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo ndilo linatsegula khomo limene ife tinalowera. Mu 2003 boma linayambitsa ndondomeko ya One Village One Product, nzeru yobwerekedwa ku Japan, yolimbikitsa magulu a kumudzi kukonza okha zimene amakolola kuti apezepo phindu lochulukirapo. Ku Area 3 mu Lilongwe kuli kampani ya banja yotchedwa Linga, imene imapanga vinyo wa zipatso zogula kwa alimi: jambula, mapulamu, mapichesi, mabulosi, magwafa, sitiroberi ndi chidede. Ku Karonga, kopaletivi ya Twitule, imene ambiri mwa mamembala ake ndi amayi, imapanga vinyo wa nthochi zopsetsa zimene kale zinkangotayidwa. Amenewo ndi alimi anzathu, a makasu ngati ife tomwe.

M'zaka zomwezi dziko linaonanso zoipa za mowa wotchipa. Mukukumbukira timasacheti tija, mmene tinawonongera anyamata, ana a sukulu omwe. Boma linaletsa timasachetito mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yoyendetsera nkhani za mowa. Aliyense wolowa malonda a zakumwa lero akulowa m'dziko limene linapsa kale, ndipo anthu adzamuyang'ana ndi maso awiri.

Mukalowa m'sitolo ya vinyo

Tsono tiyerekeze kuti nthumwi zathu zafika pamalo olawira vinyo mu mzinda. Kulawako kuli ndi dongosolo lake. Amakuthirirani pang'ono chabe, kongokwanira kumeza kawiri kapena katatu, m'tambula yoyera. Choyamba ndi maso. Kwezani tambulayo poyera: vinyo wopangidwa bwino amaonekera mpaka kuseri, alibe matope kapena nsenga. Chachiwiri ndi mphuno. Zungulizani tambula pang'ono, mununkhize. Wa mapichesi amveke mapichesi. Akamanunkha viniga, chuku kapena dzira lovunda, pali chimene chinalakwika popanga. Chachitatu ndi lilime. Sungani m'kamwa kanthawi, mumve zinthu zinayi: kuzuna, kuwawasa, kuumitsa m'kamwa konga kwa nthochi yosapsa, ndi kutentha kwa kukhosi. Vinyo wabwino ndi amene mwa zinayizi palibe chopondereza chinzake. Musatengeke ndi kukongola kwa botolo, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amayamba ndi wosazuna n'kumalizira wozuna, chifukwa shuga akakhala kale pa lilime, zotsatira zonse zimamveka zowawasa. Pakati pake mumatsuka m'kamwa ndi madzi kapena kachidutswa ka buledi. Pamakhala kachiwiya kolavuliramo, ndipo kulavula si mwano. Akatswiri olawa amatero kuti mutu ukhalebe bwinobwino. Wosamwa angathe kuona, kununkhiza, kuwerenga zolembedwa pa botolo ndi kulemba mitengo ya pa shelefu. Tinene zoona, wotereyo ndiye angabwereko ndi manambala olondola.

Za kuyanjanitsa ndi chakudya, malamulo ake ndi ochepa, ndipo mayi aliyense wophika amawadziwa kale. Chowawasa chimadula mafuta. N'chifukwa chake timafinyira ndimu pa chambo chokazinga, ndipo n'chifukwa chake vinyo wa chidede, amene ndi wowawasa, amayenda bwino ndi nkhumba yowotcha kapena tchipisi cha pachiwaya. Cholemera chimafuna cholemera chinzake: vinyo wofiira wa mapulamu, mabulosi kapena jambula amapirira nyama ya mbuzi, mang'ina, ngakhale nyemba zokazingira tomato ndi anyezi. Chopepuka chimafunanso chopepuka: wa magwafa kapena wa mapichesi wosazuna kwambiri amakwana ndi nkhuku ya chikuda, nsomba, kapena nkhwani wotendera. Wozuna musungireni kumapeto, pa chikondamoyo, zitumbuwa, kapena keke ya tchizi yonga imene alendo amaimira pa Dedza Pottery. Koma vinyoyo azune kuposa chakudyacho, apo ayi amveka ngati madzi a ndimu. Tsabola wa kambuzi amakulitsa kutentha kwa chakumwa chaukali, choncho pa ndiwo za tsabola sankhani wozuna pang'ono ndi wozizira.

Wina afunsa kuti, aaa, nanga mlimi azivutikiranji kudziwa zonsezi? Chifukwa chimene chili m'tambula chinayambira m'munda. Pichesi lothyoledwa losapsa silipereka fungo. Lobooledwa ndi mphutsi za ntchentche za zipatso, kapena lophwanyikira pansi pa dengu, limayamba kuvunda lisanafike, n'kuwononga mgolo wonse. Lopoperedwa mankhwala dzulodzulo wopanga sangalilandire. Munthu amene walawapo kapena kununkhizapo vinyo wabwino ndi wowonongeka safunsanso chifukwa chake wogula amalimbikira magiredi. Amabwerera kumudzi n'kuyamba kuona mtengo wake ndi maso ena: uwu ufunika kutengulira, uwu kumezanitsa, uwu zipatso zogwa zizikwiriridwa kuti mphutsi zisachuluke.

Masamu ndi malamulo ake

Vinyo amapangika yisiti ikadya shuga n'kutulutsa mphamvu yoledzeretsa pamodzi ndi mpweya. Ndi zomwezo zimachitika m'mbiya ya masese. Louis Pasteur wa ku France ndiye anasonyeza, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndiponso kuti tizilombo tina ndito timasasitsa chakumwa. Mphesa zakupsa zimakhala ndi shuga wokwanira pazokha. Mapichesi ndi mapulamu shuga wake ndi pafupifupi theka la wa mphesa, ndipo popanga amathiramonso madzi, ndiye pamafunika shuga wogula. Pa lita imodzi, magalamu pafupifupi 17 a shuga amapereka 1 peresenti ya ukali. Vinyo wa 12 peresenti amafuna magalamu pafupifupi 200 pa lita, kutanthauza makilogalamu 4 pa ndowa ya malita 20, kuphatikiza shuga wa m'chipatso momwemo. Ndowa imeneyo singadzaze mabotolo oposa 26 a mamililita 750, ndipo mukachotsa nsenga amacheperanso.

Tengani pensulo muwerengere mtengo wa shuga lero, wa botolo, chitsekerero, pepala lomata, ndi mayendedwe. Onjezani miyezi imene ndalama yanu idzakhala itagona mu mgolo. Kuwira kumatha m'masabata ochepa, koma kuyera ndi kukhwima kumatenga miyezi, ndipo mpweya wa kunja ukalowa zonse zimasanduka viniga. Dziwaninso kuti vinyo ndi kachasu ndi zinthu ziwiri. Vinyo amangowira n'kusefedwa. Kachasu amatchezedwa pamoto, ukali wake umakwera kwambiri, ndipo wotchezedwa mosasamala amatha kukhala ndi poizoni wowononga maso ndi chiwindi. Zimenezo sizili pa ndandanda wa kopaletivi ino.

Palinso malamulo. Chakudya kapena chakumwa chogulitsa m'sitolo chimafuna chiphaso cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo iwo amayendera nyumba yopangira, madzi, ukhondo ndi zolembedwa pa botolo. Kugulitsa chakumwa choledzeretsa kumafuna layisensi ya khonsolo, a Malawi Revenue Authority amatolera msonkho wapadera pa mowa, ndipo kugulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu. Vinyo ndi waukali kuwirikiza kawiri kapena kuposa pa mowa wamba wa m'botolo, ngakhale atazuna ngati sobo. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, ndi mayi woyembekezera, asayerekeze n'komwe.

Malamulo amenewa asatikhumudwitse. Kopaletivi imene makopaletivi a masiku ano amatengerako chitsanzo, ya ku Rochdale ku England, inayamba mu 1844 ndi anthu 28, ndipo inali sitolo. Chimene inalonjeza mamembala ake chinali chakudya chosasakaniza ndi zachinyengo, ndi sikelo yosaba. Chiphaso cha pa botolo ndi lonjezo lomwelo, lolembedwa kuti wogula wa kutali amene sakudziwani akukhulupirireni.

Njira zimene zili patsogolo pathu

Mbiri yonseyi ikutisiyira njira zitatu, ndipo palibe imene ikukakamiza munthu kumwa. Yoyamba ndi kugulitsa zipatso zosankhidwa bwino kwa opanga vinyo, juwisi ndi jamu, pa mgwirizano wolembedwa nyengo isanayambe. Imafuna makireti, mthunzi, kusunga nthawi, ndi kukhulupirika kuti membala asakagulitse kumbali venda akawonjezera kangachepe. Yachiwiri ndi kupanga tokha zinthu zosaledzeretsa: jamu, juwisi, zipatso zoumitsa, ngakhale viniga. Imeneyi a mipingo yonse ndi a ku mzikiti angailowe ndi mtima umodzi, ndipo ukhondo umene imaphunzitsa ndi womwewo wofunika pa vinyo. Yachitatu ndi kupanga vinyo wathuwathu, wa dzina la dera lathu. Phindu lake pa botolo lingakhale lalikulu, koma ndiyo yofuna mpamba wambiri, nthawi yaitali ndi mgwirizano wolimba, kuphatikizapo kumvana ngati masheya a membala wosafuna angalowe m'menemo kapena ayi. Funso limenelo liyankhidwe poyera, lilembedwe, ndalama isanatuluke m'thumba.

Nthumwi zimene tidzatume zikhale zosakanikirana: amayi ndi abambo, akumwa ndi osamwa, wachinyamata wofulumira kulemba, ndi agogo amodzi amene anafululapo. Zitenge kope, ndipo ikakhala nyengo yake, kadengu ka zipatso zathu. Zikafunse mosachita manyazi. Mumagula mwezi uti, makilogalamu angati, zopsa motani? Mumalipira pompopompo kapena pakapita masiku angati? Mabotolo mumawapeza kuti? Vinyo amene amatha msanga pa shelefu ndi uti, ndipo amagula ndani, a mahotela, alendo kapena a maukwati? Zipatso zimene mumabwezera mlimi zimakhala zotani? Safunsa anadya phula.

M'zaka 10 zimenezi taphunzira kuyeza kachewere pa sikelo imodzi, kusunga mabuku, ndi kutsutsana mu msonkhano koma n'kudyera limodzi nsima ya masana. Nzeru yomweyo ndiyo ifunika pa zipatso. Mayankho a nthumwi abwere ku msonkhano waukulu, awerengedwe pamaso pa aliyense, wa ku tchalitchi, wa ku mzikiti ndi wa kudambwe yemwe. Ndipo tivote chisanu chikangotha, mitengo ili pa maluwa, chifukwa mgwirizano ndi wogula umalembedwa chipatso chikadali chaching'ono ngati nsonga ya chala.